Kusaka Lusekelo, Gawo 4: Ulendo wa ku Monaco

M'gawo lapitalo: Tupokiwe, mphunzitsi wa Chifalansa wochokera ku Misuku m'boma la Chitipa, ali ku Nice m'dziko la France pamaphunziro a aphunzitsi. M'chikwama mwake muli chithunzi chomaliza chimene mchimwene wake Lusekelo adatumiza mu 2021, atachoka ku Cape Town kukagwira ntchito m'maboti a anthu olemera. Chichokereni nthawiyo, banja silidamvenso za iye.

Sitima idanyamuka ku Nice kudakali m'mawa. Tupokiwe ankaganiza kuti mukhala alendo okaona malo okhaokha, koma mipando idadzaza ndi ophika, osesa m'mahotela ndi amisiri omanga nyumba.

"Anthu onsewa akupita kuti, mnzanga?" Tupokiwe adafunsa Misozi, mphunzitsi mnzake wa ku Chipata amene adafikako kale ku Monaco.

"Kuntchito. Ku Monaco nyumba n'zodula koopsa, choncho antchito ambiri amagona ku France ndi ku Italy. M'mawa kulowa, madzulo kutuluka."

Tupokiwe adayamba kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Mwina Lusekelo naye amakwera sitima yomweyi. Adadutsa Villefranche-sur-Mer, Beaulieu-sur-Mer ndi Cap-d'Ail, nyanja ili kudzanja lamanja, kenako sitima idalowa m'phiri n'kuima pa siteshoni ya pansi pa nthaka. Theka la ola lidali lisanakwane, ndipo palibe adawafunsa pasipoti.

Atatulukira kunja, Tupokiwe adagwira pakamwa. Nyumba zosanja zidakwererana paphiri ngati minda ya khofi ndi nthochi kwawo ku Misuku, osasiya ngakhale kadanga. Dziko lonseli n'lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 2 okha, ndipo lochepa kuposa ili ndi Vatican yokha.

Misozi adamukokera kumtunda, pathanthwe pamene pali nyumba yachifumu ya Prince Albert II. Panja pake pali chiboliboli cha François Grimaldi, amene mu 1297 adavala mkanjo wa amonke kuti alonda amutsegulire chipata, n'kulanda linga. Banja la Grimaldi likulamulabe mpaka lero.

"Munthu kubisala m'zovala za ena," adang'ung'udza Tupokiwe. Mtima wake udali pa mchimwene wake.

Nthawi itakwana 11:55, khamu lidathamangira kukaona asilikali akusinthana ulonda. Tupokiwe adapita kumpanda, natulutsa chithunzi chija, n'kuyang'ana pansi pamene pali doko la Port Hercule. Manja adayamba kunjenjemera. Nyumba zimene zidali kumbuyo kwa Lusekelo pachithunzipo zidali zomwezo, ndi phiri lomwelo.

"Misozi, ndi pano. Achimwene adaima pansi apo."

"Tiye titsike."

"Tiyambe ku kasino. Kumudzi anthu amati njuga ndiyo idawameza."

Adali ndi chifukwa choopera. Lusekelo ali mnyamata pa boma la Chitipa adagulitsapo njinga ya malemu bambo awo chifukwa cha makadi, ndipo amayi adalira mwezi wathunthu. Pa Casino de Monte-Carlo padali galimoto zonyezimira zitandandalikana. Misozi adamuuza kuti phindu la nyumba imeneyi ndilo lidachititsa kuti mu 1869 dzikoli lichotse msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza, koma nzika zake siziloledwa kutchova njuga mmenemo.

"Ana awo amawateteza, ana a eni ndiwo azidyedwa," adatero Tupokiwe misozi ikulengeza.

Adaonetsa chithunzi kwa bambo wina wapakhomo. Bamboyo adachiyang'anitsitsa mwaulemu, napukusa mutu, n'kuloza malaya oyera amene Lusekelo adavala. Adati amenewo ndi malaya a antchito a m'maboti, akafunse kudoko.

Adatsika kudzera mumsewu umene galimoto za mpikisano wa Grand Prix zimathamangamo, mpikisano umene udayamba mu 1929. Padoko, maboti oyera adandandana, ena aatali kuposa midadada ya makalasi. Eni ake sankaoneka. Ooneka adali anyamata ndi atsikana opanda nsapato, akukwecha matabwa ndi kupukuta magalasi dzuwa likuswa mtengo. Tupokiwe adayenda boti ndi boti, Chifalansa pano, Chingerezi apo. Ena adamubweza ndi dzanja lokha.

Dzuwa litapendeka, Misozi adamugwira mkono. "Mnzanga, wayesetsa. Tiye tikakwere sitima."

Pomwepo mtsikana wina amene ankakulunga chingwe adapempha kuona chithunzicho. Kalankhulidwe kake kadali ka ku South Africa. Atangochiona, nkhope yake idasintha.

"Mukumufuniranji?"

"Ndi mchimwene wanga. Amayi athu akukalamba, akufuna kumva mawu ake."

"Iye amati alibe achibale." Mtsikanayo adayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Boti lomaliza kumapeto uko. Likunyamuka usiku uno. Musanene kuti ndakuuzani ndine."

Tupokiwe adathamanga, Misozi ali pambuyo. Asanafike adamva mawu a mwamuna akuimbira mwana nyimbo ya Chisukwa, imene amayi ankawaimbira pothyola khofi kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Mawondo adafooka. Pafupi ndi boti lija padaima mwamuna wandevu, atanyamula kamtsikana ka zaka ngati zitatu. Chipsera cha chikwanje pachala chake chachikulu chidali chomwecho.

"Achimwene!"

Mwamunayo adatembenuka. Sadamwetulire. Adapereka mwanayo kwa mnzake, nabwera mofulumira n'kumugwira phewa mwamphamvu.

"Tupo, wakutuma ndani?"

"Palibe. Amayi akudwala ndi maganizo, achimwene. Zaka zonsezi osaimba foni n'komwe?"

Foni ya Tupokiwe idalira. Pa WhatsApp padaoneka nkhope ya amayi awo. Lusekelo adaiphimba ndi dzanja lake.

"Usayankhe, mlongo wanga. Amayi amadziwa kumene ndili. Mwezi uliwonse amalandira ndalama zanga. Ndi iwo adandilumbiritsa kuti ndisadzapondenso ku Misuku, ndipo chifukwa chake chikukhudza iwe."

Nkhaniyi ipitirira sabata yamawa.