Kodi nyumba tigule lero kapena tidikire?

Sabata yatha ndinakwera minibasi limodzi ndi mnzanga wina wogulitsa kaunjika mu Limbe. Tisanafike n'komwe pa Chichiri anali atandikhuthulira kale zakukhosi. Alandilodi ake ku Bangwe akwezanso lendi, kachiwiri m'chaka chimodzi. Iye ali ndi kangachepe kamene wakhala akusunga kwa zaka zisanu, ndipo wamva kuti wina akugulitsa nyumba ya zipinda zitatu ku Machinjiri.

"Achimwene, ndigule pano kapena ndidikire kaye zinthu zikhale m'malo?" anandifunsa.

Nanenso ndinamufunsa: kodi muno m'Malawi zinthu zidakhalapo m'malo liti?

Tiyeni tikumbutsane. Mu 1994 kwacha idasiyidwa kuti izidzipezera yokha mtengo, ndipo idagwa chagada. Mu 1998 idagwanso. Mu May 2012 dola imodzi idachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 ndalama yathu idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene adagona ndi K10 miliyoni ku banki usiku umenewo anali ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 8,500. Kutacha adadzuka ndi madola osakwana 6,000, popanda wakuba kuthyola chitseko.

Nanga mtengo wa nyumba umatani zikatere? Umatsatira dola. Malata, misomali, magalasi, penti ndi zitsulo, zambiri mwa izo kapena zipangizo zake zimachokera kunja. Mafuta a lole yotuta mchenga nawonso ndi akunja. Ena amene amawerenga nkhani zakunja amati tidikire, mitengo idzagwa ngati mmene idagwera ku America mu 2008. Koma kumeneko nyumba zambiri zinali za ngongole, ndiye anthu atalephera kubweza, mabanki adazilanda n'kuzithira pa msika nthawi imodzi. Kuno ambiri timamanga ndi ndalama za m'thumba, njerwa lero, malata chaka chamawa. Mwini nyumba ku Chilomoni akaona kuti ogula kulibe, sagwetsa mtengo. Amangoikamo munthu wa lendi n'kukhala phee. Choncho wodikira kuti mitengo itsike, uku ndalama ali nazo m'makwacha, akudikira basi imene sidutsa msewu umenewo.

Ndiye tithamangire ku banki kukatenga ngongole? Apa mpamene pali mbuna ina. Makolo athu ogwira ntchito ankadalira New Building Society, imene mu 2004 idasanduka NBS Bank, ndipo ena ankapeza nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1964, m'madera ngati Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza. Koma taonani chiwongoladzanja cha zaka zino. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza mlingo wake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki pokongoza iwe ndi ine amaikaponso yawo pamwamba. Tingoyerekeza kuti mwakongola K20 miliyoni pa 30 peresenti. Chiwongoladzanja chokha cha chaka choyamba chikuyandikira K6 miliyoni, kutanthauza K500,000 pa mwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Wa pa malipiro mwina angalimbe mtima. Koma wa geni, amene December amagulitsa bwino koma February n'kumangoingitsa ntchentche pa benchi, angazikwanitse?

Kwa ine, funso lakuti msika uli bwanji lilibe phindu kwenikweni, pakuti palibe amene akudziwa za mawa, ngakhale madobadoba amene amalumbira kuti "mukachedwa wina akubwera ndi ndalama madzulo ano". Nthawi yabwino yogulira nyumba imaoneka m'thumba mwanu, ndipo pali mafunso atatu oti muyankhe musanawerenge ndalama.

Loyamba: mukagula, mpamba utsala? Ndaonapo anthu atagulitsa katundu yense wa mu shopu kuti apeze nyumba, kenaka n'kukagwada kwa akatapila kuti aodenso katundu. Mapeto ake nyumba idapita, geni idapitanso. Mpamba ndi khasu lanu, ndipo mlimi sagulitsa khasu kuti agule nkhokwe.

Lachiwiri: mapepala ali bwanji? Malo a mumzinda wa Blantyre ali ndi eni ake: ena ndi a Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a Khonsolo ya Mzinda, ena a anthu ndi makampani. Kakalata kolemba pamanja, kokhala ndi chidindo cha amfumu, sikangakutetezeni tsiku limene mwini weniweni adzatulukire. Pitani nokha ku ofesi ya za malo mukafufuze dzina limene lili m'kaundula, ndiponso ngati nyumbayo siidaperekedwe chikole ku banki. Funsani ku khonsolo ngati ilibe ngongole ya msonkho wa nyumba. Ngati ndi ya masiye, onetsetsani kuti ana ndi abale onse avomereza. Ndalama ya loya imawawa, koma safunsa adadya phula.

Lachitatu: nthakayo ndi yotani? Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu opitirira 1,000 adatisiya. Poloti yotchipa ya m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa Mudi ili ndi chifukwa chake chotchipira. Kaoneni malo nthawi ya dzinja, osati mu October, ndipo mucheze ndi oyandikana nawo. Muwerengerenso ndalama ya minibasi ya tsiku ndi tsiku, yanu ndi ya ana a sukulu.

Mafunso atatuwa akayankhidwa bwino, gulani, musadikire nyenyezi. Ndalama ikapanda kukwana nyumba yathunthu, gulani poloti ya mapepala abwino, thirani maziko, mangani zipinda ziwiri, lowani. Simenti imene yalowa m'khoma sigwa mphamvu pamodzi ndi kwacha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Inu ophunzira a ku MUBAS ndi m'makoleji ena, musadzione otsalira. Simukudziwa ngati ntchito idzakupezani ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg. Kukhala pa lendi si manyazi. Koma yambani lero kuphunzira kuwerenga chiwongoladzanja ndi mapepala a malo.

Mnzanga uja anatsika pa Ginnery Corner. Dzulo wandiimbira kuti atafufuza wapeza kuti nyumba ya ku Machinjiri ija ili m'dzina la malemu, ndipo ana awiri sakudziwa n'komwe kuti ikugulitsidwa. Ndalama zake zikadali m'manja, ndipo Loweruka akukaona poloti ina ku Chigumula.