Siponji yakale ndi TV yakufa: musazitaye pamoto

Kwathu kuno ku Nkhata Bay katundu satha ntchito msanga. Khushoni ya sofa ikang'ambika, siponji yake timaiduladula: ina yotsukira mbale, ina yosambira, ina ya pilo wa mwana. TV ikafa imagona pansi pa bedi zaka zingapo, kenako imakathera kudzala n'kuyatsidwa moto. Ndi nzeru yosamala ndalama ndipo sindikuinyoza. Koma pali katundu wina amene ndikupempha kuti tisamamumalize chonchi.

Nkhani yake inayambira kutali. Mu 1975 boma la California ku America linalamula kuti siponji ya m'mipando izipirira lawi la moto kwa masekondi 12 isanayake. Ku Britain nakonso anakhazikitsa malamulo okhwima a mipando mu 1988. Pofuna kukwaniritsa malamulo ngati amenewa, mafakitale anayamba kuthira mankhwala ochedwetsa moto mu siponji, komanso m'mapulasitiki a TV ndi makompyuta. Gulu lina lotchuka la mankhwalawa limatchedwa PBDE.

Cholinga chinali chabwino, koma mankhwalawa sakhazikika m'mene anawathira. Amatuluka pang'onopang'ono n'kusakanikirana ndi fumbi la m'nyumba. Ndiye taganizirani mwana wokwawa: manja pansi, manja m'kamwa, tsiku lonse. Akalowa m'thupi amakakamira m'mafuta ndipo amatha zaka asanachoke. Ku Sweden akatswiri anayeza mkaka wa m'mawere umene ankasunga kuyambira 1972 mpaka 1997, ndipo anapeza kuti PBDE ankachuluka kuwirikiza kawiri pafupifupi zaka zisanu zilizonse. Kafukufuku wina wambiri anasonyeza kuti mankhwalawa amasokoneza chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja, komanso akhoza kusokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana, ngakhale asanabadwe.

Mayiko a ku Ulaya analetsa mitundu iwiri ya PBDE mu 2004. Pangano la Stockholm, lomwe Malawi alimo, linaletsa mitundu imeneyi mu 2009 ndipo linawonjezera mtundu wachitatu mu 2017. California inasintha lamulo lake lija mu 2013.

Mwina mukuti, ngati analetsa, vuto lili pati? Vuto ndi lakuti lamulo limaletsa kupanga zatsopano, silifufuta zakale. Zakalezo ndi zimene zimatipeza ife. Zimatsika padoko la Dar es Salaam, n'kudutsa pa Songwe, kufika ku Mzuzu, kenako kutsetsereka mpaka kuno kunyanja. Zina amatitumizira abale athu a kunja. Si sofa iliyonse kapena TV iliyonse imene ili ndi mankhwalawa, ndipo alibe fungo kapena mtundu woti n'kuwazindikira ndi maso. Koma TV zazikulu kumbuyo zija, makompyuta akale ndi mipando yakale yochokera kunja n'zofunika kuzikayikira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi moto. Pulasitiki kapena siponji yokhala ndi mankhwalawa ikapsa pamoto wa padzala, imatulutsa poizoni wina woopsa kuposa woyambayo, wa m'gulu la dioxin. Ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene anthu ankawotcha zipangizo zamagetsi zakufa kuti apeze kopa, mu 2019 mabungwe a IPEN ndi Basel Action Network anapeza poizoni wamtunduwu wochuluka zedi m'mazira a nkhuku zoyenda zokha. Nkhuku zathu nazo zimapalasa padzala pomwepo.

Ndiye onani mmene tauni yathu inakhalira. Nyumba zili m'mapiri, nyanja ili m'munsi, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa. Phulusa la padzala silikhalitsa, limatsika ndi madzi. M'nyanja zikuluzikulu za ku North America PBDE anapezeka m'nsomba, ndipo nsomba zimene zimadya zinzake n'zimene zimasunga wambiri. Ife tisadikire kuti zimenezi zifike pa usipa ndi batala amene timadyera kondowole.

Zochita sizifuna ndalama zambiri. Khushoni ikang'ambika, isokeni kapena ikuteni ndi nsalu yolimba kuti siponji isamayoyoke. Siponji ya m'mipando isakhale yotsukira mbale kapena pilo wa khanda. Pansi muzikolopa m'malo mongosesa mouma, ndipo fumbi la pa TV muzipukuta ndi kansalu konyowa. Mawindo azikhala otsekula masana. Ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye. Poyatsa mbaula gwiritsani ntchito tizikuni kapena mapepala, osati pulasitiki kapena siponji. TV yakufa ipititseni kwa okonza mawailesi achotsemo zimene angagwiritse ntchito, ndipo chotsalacho musachiwotche kapena kuchiponya mumtsinje.

Kwa amayi oyamwitsa, nkhani ya ku Sweden ija isakuopseni. Mkaka wa m'mawere udakali chakudya chabwino koposa kwa khanda, ndipo akatswiri a zaumoyo amalimbikitsabe kuyamwitsa. Chofunika kuchepetsa ndi fumbi ndi utsi.

Funso limene latsala ndi la khonsolo ya boma lathu komanso bungwe loteteza chilengedwe la MEPA: munthu amene wakana kuwotcha TV yake yakufa akaisiye kuti? Khansala wanu akadzaitanitsa msonkhano, kamufunseni zimenezi.