Za Zovala ndi Makonzedwe a Ankhondo a Ajeremani pa Nkhondo ya Chiwaya

Tifuna kulongosola za ankhondo a Ajeremani amene anakhala kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, m'dziko limene mbali yake yaikulu ndiyo Tanzania wa lero. Amenewa ndiwo anamenyana ndi asilikali a kwathu pa Karonga tsiku la 9 September 1914, poyamba pa nkhondo ija makolo athu anaitcha ya Chiwaya.

Gulu lawo analitcha Schutztruppe, ndiko kunena ankhondo otchinjiriza. Analiyamba Hermann Wissmann m'chaka cha 1889, polemba anthu a ku Sudan ndi Ashangani a ku Mozambique; pambuyo pake analowamo Anyamwezi, Asukuma ndi Angoni. Pofika 1914 munali Azungu ngati 260 ndi asilikali akuda ngati 2,500, ndipo mtsogoleri wawo anali Paul von Lettow-Vorbeck.

Msilikali wakuda anavala malaya ndi buluku za khaki, nakulunga nsalu m'miyendo kufikira m'mawondo. Kumutu anavala chisoti chokutidwa ndi khaki, cha kansalu kolendewera kumbuyo kotchinga dzuwa pakhosi, ndipo pamphumi pake panali chiwombankhanga, chizindikiro cha mfumu ya Ajeremani. Mfuti ya ambiri inali yakale, ya mtundu wa 1871, ya wonga wofuka utsi. Potero munthu pakuwombera anadziulula yekha pamene anabisala.

Koma mphamvu yawo sinali m'zovala kapena m'mfuti ayi, inali m'makonzedwe. Anagawika m'makampani 14, ndipo m'kampani imodzi munali asilikali ngati 160, m'zigawo zitatu, pamodzi ndi mfuti za chiwaya ndi amtengatenga ake. Chotero kampani inakhoza kuyenda ndi kumenya nkhondo payokha, yosadikira thandizo lochokera kutali. Azungu ndiwo analamulira. Pansi pawo panali maudindo a anthu akuda, kuyambira ombasha, ndiye wamng'ono, kukwera kwa schausch, betschausch ndi sol. Malamulo a pa perete anali m'Chijeremani, zotsalazo m'Chiswahili, ndipo wolakwa anakwapulidwa ndi chikoti.

Nkhondo itakula, zombo za Angerezi zinatseka njira ya panyanja yaikulu, ndipo zovala zochokera ku Ulaya zinasowa. Pamenepo anaomba nsalu ndi thonje la m'dzikomo, nasoka nsapato za zikopa za ng'ombe. Atawoloka mtsinje wa Rovuma pa 25 November 1917, anagonjetsa Apwitikizi pa Ngomano, natenga zovala ndi mfuti zawo. Kuyambira pamenepo ambiri anayenda m'zovala za adani awo, koma makampani sanapasuke. Anatula zida pa Abercorn, ndipo Mbala wa lero m'Zambia, pa 25 November 1918, ali Azungu 155 ndi asilikali akuda 1,168.

Tsono tifunse: kampani yoyenda payokha inadya chiyani? Inadya za m'nkhokwe za eni midzi. Kumene ankhondo anapita analanda chimanga ndi ziweto, nagwira amuna kuti asenze akatundu, ndipo m'mbuyo mwawo munatsala njala. Angerezi nawonso anatenga amtengatenga ochuluka m'midzi ya Nyasaland. Anthu amenewa, a mbali zonse ziwiri, analibe chisoti kapena chizindikiro. Anafa ndi matenda, njala ndi kutopa koposa asilikali amene anafa ndi zipolopolo, ndipo manda a ambiri sadziwika.

Chifukwa chake, aphunzitsi, pakuonetsa ana chithunzi cha msilikali wovala bwino, musalekere pa chisoti ndi mfuti. Muwauzenso za munthu uja anayenda pambuyo pake wopanda nsapato, atasenza ufa ndi zipolopolo pamutu, pakuti popanda iye kampani siikadayenda ulendo ngakhale wa sabata imodzi.