Sitima itamira, malipiro nawo adamira pompo!

Inu anzanga a pamsika mumadziwa kuti makasitomala sanafanane. Wina amakusiyirani chenji, wina amanenerera mpaka tambala yomaliza. Ndi mmenenso zidaliri kwa anthu ogwira ntchito m'sitima za pamadzi zomwe zinkanyamula amphawi a ku Ulaya opita ku America kukasaka moyo watsopano. Pachizungu wantchito wotere amati steward: woyala mabedi, woperekera zakudya, wokolopa masanzi nyanja ikavuta. Ine nkhani yawo ndaitsata pa Titanic, ndipo zomwe ndapeza n'zomvetsa chisoni.

Titanic idanyamuka ku Southampton, ku Mangalande, pa 10 April 1912 kupita ku New York. Mwa anthu pafupifupi 2,200 omwe adali m'menemo, oposa 300 adali antchito osamalira apaulendowa. Malipiro a ambiri mwa iwo adali mapaundi 3 ndi masheleni 15 pamwezi. Bwana wa sitimayo, Kaputeni Edward Smith, ankalandira mapaundi 1,250 pachaka. Werengerani nokha!

Ndiye ankadalira chiyani? Kangachepe kochokera kwa apaulendo. Wotumikira mabwana a m'zipinda zapamwamba ankatsika sitima thumba lili nde. Koma woikidwa kunsi, ku kalasi yachitatu, adali m'madzi. Kumeneko kudali anthu pafupifupi 700 ochokera ku Ireland, Sweden, Syria ndi maiko ena, ambiri atagulitsa katundu wawo kuti apeze ya tikiti. Munthu wotere angakupatse chiyani? Chizungu ena sankachimva n'komwe, ndipo mabafa oviikamo thupi adalipo awiri okha a khamu lonselo.

Kuwonjezera apo, malamulo a ku America ankafuna kuti anthu a kalasi yachitatu azikhala kwaokha, poopa matenda. Choncho pakati pa iwo ndi mabwana padali zitseko.

Usiku wa pa 14 April sitimayo idawomba chiphiri cha madzi oundana. Mabwato opulumukira adalipo 20, okwana anthu 1,178 okha, ndipo adali pamwamba penipeni. Munthu wa kunsi, mlendo m'sitima yaikulu ngati tauni, njira akadaidziwa bwanji? Amene ankadziwa makwalala onse ndi antchito aja. Mmodzi mwa iwo, a John Hart, adauza bungwe lofufuza za ngoziyi ku London kuti adatsogolera magulu awiri a amayi ndi ana kuchokera kunsi kukawafikitsa ku mabwato. Iwo adapulumuka, koma anzawo ambiri ayi. Anthu pafupifupi 1,500 adafa m'bandakucha wa pa 15 April, ndipo mwa antchito anayi alionse a m'sitimayo, atatu sadabwerere kwawo. Tauni ya Southampton yokha idataya anthu oposa 500, ambiri a iwo abambo odyetsa mabanja.

Tsono apa ndi pomwe pandiwawa ine. Mwa malamulo a nthawiyo, malipiro a wantchito ankatha sitima ikangomira. Eti munthu wagona m'bwato usiku wonse akunjenjemera, wapulumutsa ana a eni, koma m'buku la kampani ntchito idatha kalekale! Amasiye adathandizidwa kwambiri ndi ndalama zomwe anthu akufuna kwabwino adasonkha.

Nanga opulumukawo adasiya ntchito? Asiye adya chiyani? Mayi Violet Jessop adali m'sitima ya Olympic itagundana ndi sitima yankhondo mu 1911, adapulumuka pa Titanic mu 1912, n'kupulumukanso pomwe Britannic idamira mu 1916. Adabwererabe panyanja, ndipo adamwalira ali nkhalamba mu 1971. Ena amati n'kulimba mtima. Ine ndikuti umphawi sukupatsa mpata woopa.

Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. Mu 1914 maiko adagwirizana kuti sitima izikhala ndi mabwato okwanira aliyense. Mu 1920 bungwe la ILO lidakhazikitsa pangano loti wantchito azilipidwabe sitima ikamira, ngakhale kuti lidalola kuti ndalamazo zilekezere pa miyezi iwiri.

Akuluakulu, mwana wanu akapeza ntchito ya kutali, kaya m'sitima kaya m'hotela, musangofunsa kuti azilandira zingati. Funsaninso kuti zikadzavuta, adzamulipira ndani, nanga adzamubweza kumudzi ndani. Zikhale zolembedwa, asananyamuke.