Chigayo cholira popanda chimanga

Chigayo chikamalira mulibe chimanga, phokoso lake limamveka mpaka kutsidya kwa dambo, koma pansi sipagwa ufa. Munthu wolongolola zopanda mutu ali chimodzimodzi. Eni Chingerezi, pofuna dzina la kuyankhula kotereku, nthawi zambiri ankangotola phokosolo n'kulisandutsa mawu, poti tanthauzo loti agwire panalibe.

Mawu akuti babble, omwe analipo kale m'zaka za m'ma 1200, amatsanzira khanda lomwe likungoti ba-ba-ba. Chatter poyamba kunali kulira kwa mbalame. Nawo mawu akuti jargon, ochokera ku Chifalansa chakale, ankanena za kusokosera kwa mbalame, koma lero amanena za chiyankhulo cha akatswiri chomwe munthu wamba samvapo kanthu.

Mbalame zinalowanso m'nkhaniyi mu 1944. Maury Maverick wa ku Texas, yemwe ankatsogolera nthambi ina ya boma la America pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anatopa ndi makalata ataliatali a mawu ozungulira. Analembera antchito ake kuwaletsa kalembedwe kameneko, n'kukatcha gobbledygook, potengera nkhukundembo yomwe imalira uku ikudzitukumula.

Komatu chigayo china chimalizidwa dala, kuti akutali adziwe kuti mwini wake sanagone. Mu 1820, nyumba ya malamulo ya America inkakambirana ngati Missouri ilowe m'chitaganya cha dzikolo ukapolo uli wololedwa. Aphungu atatopa, akufuna kuvota, Felix Walker wa ku North Carolina anaimirira n'kuyamba kulongolola kosatha. Anzake atamudandaulira kuti akhale pansi, iye anakana, nati akuyankhulira anthu a kwawo ku Buncombe. Dzina la deralo linasanduka bunkum, kenako bunk, kutanthauza zonena zopanda pake. Claptrap nawo ndi a mtundu womwewu. M'nyumba za zisudzo za m'zaka za m'ma 1700, inali njira yotchera anthu msampha kuti aombe m'manja, ngakhale sewerolo lili losakoma.

Kusiyana kwake n'kwakuti khanda ndi mbalame sizifuna kupusitsa munthu, pomwe wa bunkum amadziwa chomwe akuchita. N'chifukwa chake mawu amenewa ndi omwe anafunika mankhwala. Mu 1923, wolemba mabuku William Woodward anayambitsa mawu akuti debunk m'buku lake lotchedwa Bunk, kutanthauza kuulula poyera kuti zonenedwazo n'zabodza.