MABUKU AFIKE KUMUDZI

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mau awa ndi oona pa nkhani ya kuwerenga mabuku, pakuti njira zambiri zimene mizinda ya muno m'Zambia itsata pokopa anthu kuti aziwerenga zinacokera ku maiko akutali.

Nyumba ya mabuku ya Boma ku Chipata ndi nthambi ya bungwe la Zambia Library Service, limene linayamba m'caka ca 1962 ndi ndalama zocokera ku Ford Foundation ya ku America. Linatsata maganizo amene bungwe la UNESCO linalengeza mu 1949, akuti munthu aliyense, wolemera kapena wosauka, akhale ndi malo obwerekako mabuku kwaulere. Kuyambira mu 2001, UNESCO isankhanso mzinda umodzi caka ciliconse kuti ukhale likulu la mabuku. Woyamba unali Madrid. Muno mu Africa ulemuwo unagwerapo Conakry mu 2017 ndi Accra mu 2023, ndipo mizinda ina itengerako nzeru za zionetsero za mabuku ndi mipikisano ya kuwerenga.

Chipata nayo inakhala mzinda mu 2017. Koma mlimi wa ku Madzimoyo apindulanji ndi mabuku okhala m'tauni? Ulendo wopita kumeneko ufuna ndalama za basi, ndipo mabuku ambiri operekedwa ndi maiko akunja ali m'Cingerezi.

Mbiri ya Madzimoyo yeniyeniyo ipereka yankho. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero mu 1899, natsegula Madzimoyo mu 1903. Kuwerenga kunali kwacilendo, koma kunamera mizu cifukwa anthu anaphunzira m'cinenero cao, ndipo aphunzitsi anali kuyenda m'midzi. Pamene Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922, linapeza owerenga alipo kale.

Mu 1966 Boma linalamula kuti ana aziphunzira m'Cingerezi kuyambira Giredi 1. Patapita zaka kunaoneka kuti ana ambiri anali kumaliza sukulu ya pulaimale osadziwa bwino kuwerenga. Tsono Boma linabwereka njira ya Breakthrough to Literacy ku South Africa, nkuiyesa ku Kasama m'Cibemba mu 1998, ndipo itakonzedwa m'zinenero zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo Cinyanja, inafalikira m'dziko lonse.

Nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka, koma mwini munda akaisemera mpini wake igwira nchito. Cotero makhansala, mafumu ndi aphunzitsi ayenera kuumirira kuti mabokosi a mabuku a Cinyanja, onena za ulimi wa nshawa ndi cimanga, za umoyo ndi nthano, azifika ku masukulu ndi ku machalichi a m'midzi. Nako kunyumba, mwana wa sukulu apatsidwe mpata madzulo wowerengera makolo ndi agogo ake mokweza.