Kodi mumadziwa kuti bakiteriya wa chibayo amavala chikuto?

Bakiteriya wotchedwa Streptococcus pneumoniae amadzikuta ndi chikuto choterera chopangidwa ndi mtundu wina wa shuga. Asilikali a m'thupi akafuna kumumeza, amangowapulumuka. Ukali wake wagona pamenepo.

Mu 1928, dokotala wa ku Britain, Frederick Griffith, anaonetsa zimenezi pa mbewa za mu labotale ku London. Atazibaya bakiteriya wa chikuto, mbewa zinafa. Atazibaya wopanda chikuto, zinakhala bwinobwino. Wa chikuto wophedwa ndi kutentha sanazichitenso kanthu.

Koma atasakaniza wakufayo ndi wamoyo wopanda chikuto uja, mbewa zinafa ndithu, ndipo m'magazi mwake munapezeka bakiteriya wamoyo atavala chikuto! Wamoyoyo anali atatola kanthu kena kwa mnzake wakufa. Kanthuko kanadziwika mu 1944, pamene Oswald Avery ndi anzake awiri ku New York anapeza kuti ndi DNA.

Zikutozi zilipo za mitundu yoposa 90. Katemera wa PCV13, amene Malawi inayamba kubaya ana mu 2011, amaphunzitsa thupi kuzindikira mitundu 13 mwa imeneyi.